Chikopa cha Mbuzi Ndinkachidziwa, Khungu la Tiyamike Ayi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndine uja mumandimva ndisanafike. Kuno ku Chinsapo dzina langa lenileni alidziwa ndi ochepa. Onse amangoti a Chimkuzamawu. Amati ndikatsokomola pamsika, agalu a ku Likuni amauwa. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mawu ena akakhota mundikhululukire. Koma zimene ndalembazi ndi zoona, ndipo mwini wake nkhaniyi, mdzukulu wanga Tiyamike, wandilola kuti ndizinene.

Ntchito yanga ndi mbuzi. Ndinachoka kwathu ku Dowa ndili mnyamata, ndipo mpaka lero ndimagula mbuzi kumidzi, kupha, kusenda, kugulitsa nyama pabenchi langa. Pogula mbuzi ine sindifunsa mwini wake. Ndimangoika dzanja pamsana, kutsina chikopa, n'kuchisiya. Chikabwerera msanga, ubweya utagona bwino, ukunyezimira, mbuzi imeneyo yadya. Chikakhala chouma, chikatsalira pamene ndatsinapo, ubweya utaima, mbuzi imeneyo yakhala ndi njala, kaya mwini wake alumbire mpaka kutchula amayi ake. Ena amaimwetsa madzi ambiri kuti mimba itupe. Anamize ena, osati ine. Chikopa sichinama. Mawu amenewa ndinkawanena tsiku lililonse, mokweza.

Kutchalitchi ndinkabwera, inde. Koma ndinkabwera ngati kapitawo woyendera ntchito. Ndinkakhala kutsogolo, ndikuimba kuposa kwaya yonse. Ndikapatsidwa pemphero, sindinkapempha kanthu kwa Mulungu. Ndinkangomuuza zochita. Tikaweruka, ulendo wa kumowa, kukauza anzanga mmene ndapempherera. Kunyada kwanga kwakukulu kunali kumodzi: m'nyumba mwa Chimkuzamawu simugona munthu ndi njala.

Kunyadaku kunali ndi pochokera. Mwana wanga wamkazi anamwalira ndi matenda aja tonse tikuwadziwa, mankhwala ake asanafale. Anapita ataonda, mafupa okhaokha. Anatisiyira kamwana kakakazi, ameneyo ndiye Tiyamike. Kumanda kuja ndinalumbira mumtima kuti mwana uyu sadzaonda ine ndili moyo. Kwa ine kuonda inali imfa. Kunenepa unali moyo.

Tiyamike anakuladi ndi thupi labwino. Chiwindi cha mbuzi yoyamba chinali chake. Ndipo mukudziwa mwambo wathu, mdzukulu wamkazi ndi mkazi wa agogo ake, timanyogodolana. Ndiye atayamba sekondale, akamadutsa pamsika ndi anzake, ndinkamuitana.

"Akazi anga! Bwerani kuno anthu akuoneni!"

Akabwera, ndinkamutsina pamkono monga ndimachitira ndi mbuzi. Ndinkafuula kuti msika wonse umve kuti uyu ndiye wanenepa, iyi ndiyo mbuzi ya Khirisimasi, yosagulitsa. Amayi a tomato ankaseka. Anyamata a kabaza ankaseka. Iye ankamwetulira pang'ono atayang'ana pansi, ine n'kumati ndi manyazi achitsikana. Kwathu ukamuuza munthu kuti wanenepa, wamuyamikira, ndipo amathokoza. Ine ndinkamuyamikira mdzukulu wanga. Sindinadziwe kuti dzina lija lamutsatira mpaka m'kalasi. Sindinadziwe kuti akamalowa, anzake amalira ngati mbuzi, ena kumujambula pafoni n'kumatumizirana.

Zinayamba pang'onopang'ono. Lero akuti wadya kale kusukulu. Mawa akuti m'mimba simuli bwino. Kenako anati akusala kudya, akupempherera mayeso. Apa ndinanyadanso. Ndinauza akulu a mpingo kuti ana awo azitengera wanga, mwana wamapemphero. Kusala kwake sikunkatha, koma ine ndinali kalikiliki kudzitama.

Amene anayamba kuona ndi mayi akunyumba, a Nangondo. Anandiuza kuti khungu la mwanayu latuwa ngati wagona paphulusa, ndipo ngakhale adzole mafuta, sapita patali, latuwanso. Anati milomo yake ikung'ambika m'mbali. Akapesa, tsitsi likutsalira pachipeso. Zikhadabo zikungothyoka. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mwana wavala juzi, manja ali zii ngati watuluka m'madzi.

Ine ndinayankha msanga, chifukwa masiku amenewo ndinalibe funso losowa yankho. Ndinati ndi mafuta oyeretsa khungu aja atsikana amagula m'tauni. Ndinalowa kuchipinda kwake, kutola timabotolo tonse, n'kukataya m'chimbudzi. Munalibe oyeretsa khungu m'menemo. Ndinangotaya mafuta abwinobwino.

Ataonda ndithu, mantha anandigwira. Mwa iye ndinaona malemu mayi ake. Ndinamugwira dzanja kupita naye kukayezetsa magazi, ndipo pamzere paja aliyense anadziwa chimene tabwerera, chifukwa ine sindidziwa kunong'ona. Anamupeza alibe kachilombo. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba. Ndinati ngati si matenda, ndiye ndi mwano, ndipo mwano ndimautha.

Kuyambira pamenepo ndinkakoka mpando n'kukhala patsogolo pake nthawi ya chakudya. Ndinkamuikira ndekha nyama, ya mafuta, n'kumuuza kuti sadzuka mbale isanayere. Ankadya misozi ili m'maso. Akamaliza ankatola mbale n'kunena kuti akukatsuka kuseri, ndipo ankachedwa kumeneko. Posakhalitsa masaya ake anayamba kutupa cha m'munsi mwa makutumu. Ine ndinaomba m'manja. Ndinauza a Nangondo kuti taonani, thupi layamba kubwerera, layambira kumaso.

Tili ndi anansi athu, a NyaGondwe, mayi wa ku Rumphi amene amapemphera mpingo wa anzathu akumpoto. Tsiku lina anabwera ine ndili pakhonde. Anagwada bwinobwino n'kunena kuti pepani abambo, mwanayu akuoneka kuti chakudya sichikukhala m'thupi, bwanji mupite naye kuchipatala chachikulu akamuone. Ndinawayankha mawu amene anamveka mpaka kumjigo. Ndinati njala mwina kwanu, kuno timadya nyama Lolemba mpaka Lamulungu. Anadzuka mwakachetechete n'kumapita.

Kenako ndinaona zinthu ziwiri zimene zinandisokoneza mutu. Kuseri kwa dzanja lake lamanja, pamfundo za zala, panali zipsera zakuda, zolimba, ngati za munthu womenya khoma. Ndipo pamikono, pakhosi ndi m'mbali mwa nkhope panamera ubweya. Osati tsitsi ayi. Ubweya wofewa, wosalala, ngati wa kamwana ka mbuzi kongobadwa kumene. A Nangondo anati ndi kumsana komwe uliko.

Ubweya pa mwana wamkazi! Ndinati basi, apa pali dzanja la munthu. Amene akuchitira nsanje benchi langa alowera kwa mwana. Ine, munthu wokhala kutsogolo m'tchalitchi, ndinanyamula mdzukulu wanga kupita naye kwa sing'anga ku Mtsiliza. Anamutema mphini pachifuwa ndi m'mikono, napakamo zakudazakuda. Ndinasiyako mbuzi yamoyo. Mphini za munthu wabwinobwino sizichedwa kuuma. Za Tiyamike zinangokhala zilonda, osapola. Ine ndimadziwa bwino kuti bala la mbuzi yanjala limachedwa kupola. Ndakhala ndikuuza anthu zimenezi moyo wanga wonse. Koma pa mwana wa m'nyumba mwanga nzeru imeneyo sinabwere, chifukwa kunyada kunali kutakhala pakhomo ngati mlonda.

Linali Loweruka masana. Ndinali pabenchi ndikudula nyama, ndinangoona a NyaGondwe akubwera chothamanga, chitenje chili m'manja. Anati Tiyamike wakomoka kokonzekera nyimbo za kwaya, a Nangondo apita naye kale kuchipatala pa galimoto ya abusa. Ndinasiya mpeni pomwepo. Mayi amene ndinawalalatira aja ndi amene anandiperekeza.

Tinamupeza atagona, atamuika dilipi. Anali wochepa pabedi paja ngati mwana wa pulayimale. Ndinayamba kufuula m'wodi kuti dokotala ali kuti, mwana wanga walodzedwa. Anabwera dokotala wachizimayi, msinkhu wa mwana wanga malemu uja. Anandipempha kuti nditsitse mawu chifukwa muli odwala. Anatseka nsalu kuzungulira bedi. Anafunsa Tiyamike ngati akulola kuti agogo ake amve zimene akambirana. Mwana anavomera ndi mutu.

"Abambo," anatero dokotala, "mwana uyu ali ndi njala. Njala yoopsa, yoti mtima ukhoza kuima."

Ndinaimirira. Ndinamufunsa ngati akudziwa amene akuyankhula naye. Ndinamuuza za benchi langa, za chiwindi, za mbale zimene ndimaziyang'anira ndekha mpaka kuyera. Anandisiya ndimalize. Kenako anandifunsa kuti mbuzi yanjala ndimaidziwa bwanji. Ndinati ndimatsina chikopa.

"Ndiye tagwirani mkono wa mdzukulu wanu."

Ndinagwira. Unali wozizira. Ndinatsina pang'ono, mofatsa, n'kusiya. Khungu linatsalira pomwepo, louma, likubwerera mochedwa. Abale anga, zala zangazi zagwira mbuzi zosawerengeka, ndipo sizinandinamizepo. Zinadziwa mutu wanga usanavomere. Mbuzi ya khungu lotere sindikanaigula. Ndikanamunyoza mwini wake pamaso pa anthu kuti ndi munthu wankhanza. Tsono mwini wake ndinali ine.

Dokotala anandiwerengera khungu lija ngati munthu wowerengera kalata nkhalamba yosaona. Anati ubweyawu si ufiti. Thupi likasowa mafuta oliteteza ku kuzizira, limadzimeretsera lokha bulangeti. Anati kutuwa, tsitsi lothothoka, zilonda zosapola, zonsezo ndi thupi losowa chomangira. Ananyamula dzanja lija la zipsera n'kunena kuti awa ndi mano ake omwe, chifukwa akadya mokakamizidwa amakadzisanzitsa. Masaya otupa aja ndinkawaombera m'manja, anati nawonso ndi a kusanza. Anati awa ndi matenda enieni, a maganizo ndi thupi pamodzi, oti munthu amaopa chakudya ndipo amadziona wonenepa ngakhale atatha. Si mwano. Si matama. Amagwira atsikana, amagwiranso anyamata. Anatinso zoyambitsa zimakhala zingapo, osati chimodzi, koma mawu onena za thupi la mwana amalowa mozama kuposa mmene akulu timaganizira.

Ndinawerama pafupi ndi mwana. Ndinamufunsa kuti mayi, chifukwa chiyani? Chakudya chinakulakwira chiyani? Anayankha ndi kamawu kakang'ono, osandiyang'ana.

"Agogo, sindinkafuna kukhala mbuzi ya Khirisimasi."

Sindikudziwa mmene ndinatulukira. Ndinangozindikira ndakhala pansi pa mtengo panja pa chipatala, pafumbi, anthu akudutsa. Ndinafuna kupemphera monga ndinazolowera, kumuuza Mulungu zochita. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Chimkuzamawu wathima.

Pamenepo ndi pamene ndinakumana ndi Yesu. Zaka zonsezi ankayankhula nane, koma akanamveka bwanji ine ndikufuula? Nditakhala chete ndinamva mumtima, osati ndi makutu, kuti iwe umatsina zikopa za mbuzi, lero ndatsina mtima wako, ndipo ndaupeza wouma. Ndinavomera. Ndinati Ambuye, ndi zoona, mtima uwu wakhala ndi njala. Ndakhala ndikudya matamando a anthu, ndipo sakhutitsa. Ndinati mwana wanga munamutenga, uyu ndisiyireni, ndipo pakamwa pangapa tengani mukhale mwini wake. Linali pemphero langa loyamba lopempha. Linalibe ndi mawu omwe.

A NyaGondwe anandipeza pomwepo. Sanandikumbutse za pakhonde paja. Anakhala pansi chapatali pang'ono n'kuyamba kupemphera m'Chitumbuka, motsitsa. Zambiri sindinamve, koma dzina la Tiyamike ndinalimva, ndi langa lenileni ndinalimva. Atamaliza ndinati ameni, ndipo ameni ameneyo ndiye mawu oyamba a munthu watsopano. Ndinawapepesa. Anangoti tiyeni tikaone mwana.

Musaganize kuti ndinasanduka wanzeru tsiku lomwelo. M'mawa mwake ndinauza dokotala kuti ndikukapha mbuzi yonona, mwanayu adye mpaka abwerere. Anandiletsa kolimba. Anati thupi limene lakhala ndi njala nthawi yaitali silifuna kulidzidzimutsa, chakudya chambiri mwadzidzidzi chikhoza kumupha. Azidya pang'onopang'ono monga achipatala akonzera, iwo akumuyang'anira. Kale ndikanatsutsa. Tsiku limenelo ndinati chabwino, adokotala. A Nangondo anandiyang'ana ngati aona mlendo.

Tiyamike anakhalitsa m'chipatala. Atatuluka ankapitabe kukaonana ndi mlangizi wa za maganizo, ndipo nthawi zina ankatiitana ifenso. Kumeneko ndinaphunzira sukulu imene ndinaithawa ndili mwana. Ndinaphunzira kudya naye limodzi osayang'ana m'mbale mwake. Ndinaphunzira kusanena kuti waonda, kusanenanso kuti wanenepa. Tikatha kudya, a Nangondo amakhala naye n'kumacheza, kapena tonse timaimba nyimbo, kuti nthawi yovuta ija idutse ali ndi anthu. Panali masiku obwerera m'mbuyo. Tsiku lina ndinamva kuseri kuja zimene ndinkaopa. Magazi anawira, mawu anafika pakhosi. Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada, ndinawapereka kwa mwini wake. Tiyamike atabwera ndinangomufunsa ngati tipite kwa alangizi mawa. Anati inde.

Mowa ndinausiya osavutika, chifukwa kumowa ndinkapitira kukadzitama, ndipo chodzitamira chinali chitatha. Zingwe zimene sing'anga uja anamumanga m'chiuno ndinaziotcha a Nangondo akuona.

Koma mawuwa Mulungu sanandilande. Anandibwezera atawatsuka. Tsiku limene ndinabwerera pabenchi, mnyamata wina wa kabaza anafunsa moseka kuti mbuzi ya Khirisimasi ili bwanji. Ndinaika mpeni pansi. Ndinayankhula kuti msika wonse umve, mpaka kogulitsa makala. Ndinati dzina limenelo ndinalibereka ndine, ndipo ndaliika m'manda ndine. Mwana uja dzina lake ndi Tiyamike. Wofuna kuseka aseke ine, nkhalamba yodziwa chikopa cha mbuzi koma yosadziwa khungu la mdzukulu wake. Palibe anaseka. Madzulo ake mayi wina wa tomato anabwera pambali n'kundinong'oneza kuti mwana wake wamkazi nayenso wayamba kuvala juzi padzuwa. Ndinamuuza kopita, ndipo anapita.

Khungu limene linanena za matenda ndi lomwenso linanena za kuchira. Mphini zija zinauma. Kutuwa kunatha, mafuta anayamba kugwira. Ubweya uja unathothoka wokha, tsitsi la kumutu n'kuyamba kumera. Juzi inabwerera m'sutikesi kudikira Juni. Zipsera za pazala zikuzilala koma zikadalipo, ndipo ine ndikaziona sindithawitsa maso. Sindikunamizani kuti zonse zatheratu. Masiku ena mbale imamulemerabe, ndipo kwa alangizi amapitabe. Koma ali moyo, wabwerera kusukulu, ndipo mukamva kwaya Lamulungu, mawu aja okwera pamwamba kumanzereku ndi ake. Kukweza mawu anatengera agogo ake.

Posachedwapa ankadutsa pamsika ndi anzake. Ndinamuona patali. Ndinaweramitsa mutu n'kumadula nyama, kuti adutse mumtendere. Ndinangomva munthu waima patsogolo pa benchi.

"Amuna anga, lero simukundiitana? Mwapeza wina?"

Anzake anaseka, iyenso anaseka, kuseka kwenikweni, maso ali pa ine osati pansi. Ndinapukuta m'manja. Anandipatsa dzanja lake kuti andipatse moni. Sindinatsine. Ndinangoligwira. Linali lofunda.

Alemekezeke Yesu amene anatseka pakamwa panga kuti atsegule maso anga. Alemekezeke chifukwa cha manja a dokotala uja, ndi mawondo a a NyaGondwe, ndi kupirira kwa a Nangondo amene ankaona zoona ine ndikuwaphimba ndi phokoso. Pemphero ndi chipatala sizilimbana, abale. Mulungu yemweyo anandigwetsa pansi pa mtengo ndi amene anaika dilipi pamkono wa mwana.

Tsono ndikuitana inu, makamaka abambo anzanga a mawu aakulu, inu amene mumati kwanu kulibe vuto chifukwa thumba la ufa ndi lodzadza. Ufa ukhoza kudzadza mwana akufa ndi njala. Lero mukafika kunyumba, gwirani dzanja la mwana wanu. Lioneni kuseri kwake. Onani milomo, onani tsitsi, onani ngati akuzizidwa ena akutuluka thukuta. Mukaona zimene ndinaona ine, musakalipe, musakakamize, musapite kotema mphini. Mufunseni motsitsa, mumvereni, mupite naye kuchipatala. Thupi la mwana lisakhale nthabwala zanu, ngakhale zoyamikira.

Ndipo ngati mtima wanu wauma ngati mmene unalili wanga, musadikire bedi la chipatala. Bwerani kwa Yesu lero. Sakufuna kuti mufuule. Ine Chimkuzamawu anandimva tsiku limene ndinalibe mawu.